Tenti Yachiwiri ya Mimoun

1

Ku Khenifra amandidziwa kale, ndiye kubisa dzina n'kutaya nthawi. Ndine Touria, uja ankagulitsa tiyi ndi buledi pa nyanja ya Azigza, uja ukwati wake unatha popanda ndewu, popanda chibwenzi chamseri, popanda ngakhale mbale imodzi yosweka. Akazi anzanga andipekera nkhani mpaka kutopa. Ena akuti mwamuna wanga anali ndi wina ku Azrou, ena akuti ndine ndinagwidwa. Lero ndinena ndekha kuti malilime awo apumuleko.

Ndinabadwira ku Meknes, m'banja la wogulitsa nsalu. Ogasiti akafika, makoma a mumzinda mwathu amatentha ngati chiwaya. Choncho chaka chilichonse bambo ankatseka sitolo n'kupakira matiresi, miphika, mbaula ndi ife tomwe m'galimoto, ulendo wa kuphiri. Tinkamanga tenti yathu pansi pa mikungudza, pamene nthaka imayamba kutsetsereka kulowera kumadzi, ndipo tinkakhala pomwepo mpaka sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira.

Mimoun anali wa komweko. Mayi ake anamwalira iye ali khanda, bambo ake anapita kukafuna ntchito kunja osabweranso, ndipo analeredwa ndi agogo ake amene ankaphikira buledi anthu a m'matenti. Aliyense ankamutcha Mwana wa Mbuzi, poti nkhani inali yoti anakulira mkaka wa mbuzi. Ukamuona akukwera miyala sukanatsutsa.

"Wam'tauni iwe, chikhomo sakhoma choimirira," anandiuza tsiku lina tili ana, atandipeza ndikuthandiza bambo kumanga tenti. "Mphepo ikabwera, nyumba yanuyi tikaitola ku Azrou."

"Meee!" ndinamuyankha. "Mbuzi inayamba liti kuphunzitsa anthu?"

Anandilanda mwala umene ndinkakhomera, n'kupendeketsa chikhomocho, n'kuchimenya kawiri basi. Chaka chimenecho ndinamuda kwambiri. Chaka chotsatira ndinkamufunafuna ndi maso ndisanatsike n'komwe m'galimoto.

Amayi, a Zoubida, ankamukonda mnyamata ameneyu modabwitsa. Akamatigulira nsapato ife ana awo, ine ndi azing'ono anga awiri aamuna, ankagulanso zina n'kuzibisa pansi pa mabulangete. Zinali za Mimoun. Ankamudyetsa mbale imodzi ndi ife, ndipo akatsokomola ankamuthamangitsa ndi supuni ya uchi mpaka kumadzi. Zonsezi zinatha tsiku limene anatipeza awiriwiri titakhala pa bwato logadabuzidwa, tili kale anyamata ndi atsikana, ine ndikumuchotsa tizitsotso m'tsitsi. Sanakalipe ayi. Anangoima chilili, nkhope itatuwa, kenako anandiuza kuti ndikatsuke matambula amene ndinali nditatsuka kale.

2

Mimoun atakula anagula takisi yakale yoyendera pakati pa Khenifra ndi Azrou, ndiponso matenti angapo obwereketsa alendo m'chilimwe. Agogo ake atamwalira anavala malaya oyera, n'kutsika ku Meknes kudzaonana ndi bambo. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, khutu lili tcheru.

Bambo anavomera tiyi asanazizire n'komwe. Amene anakana ndi amayi.

"Ayi," anatero amayi mlendo atangotuluka.

"Chifukwa?" anafunsa bambo.

"Ndi wakuphiri. Mwana wanga akazizidwa kumeneko."

"Mabulangete timagulitsa tokha. China?"

"Sanapite patali ndi sukulu."

"Ine ndinapita patali? Zoubida, mnyamata uyu wandinyamulira katundu kuyambira ali wamfupi ngati ketulo. Tsiku lija mtima unandivuta kunyanja, ndani anandibereka kumsana mpaka pamsewu? Ana akowa anangoima n'kumalira. Ukandipatsa chifukwa chomveka, ndimukaniza lero lomwe. Nena."

Ndinasuzumira. Amayi anatsegula pakamwa, anayang'ana bambo nthawi yaitali, kenako anatseka. Anatenga thireyi n'kulowa kukhitchini.

Miyezi yotsatira anayesa zonse. Anandibweretsera mwana wa mnzawo amene ankagwira ntchito kubanki, wamanja ofewa ngati mtanda wa buledi. Anadwala, anachira, anadwalanso. Anandigwira miyendo, ine mwana wawo, akulira kuti ndimusiye. Ndikawafunsa kuti walakwa chiyani, ankangoti, "Sanalakwe kanthu." Ndiye ine ndinati ndi kunyada kwa anthu a m'tauni basi, ndipo ndinawauza mosapsatira kuti ndikwatiwa kaya afune kaya asafune. Pa ukwati wanga akazi onse a m'dera mwathu analulutira mpaka mawu kusasa, koma mayi wanga wondibala sanatulutse nthungululu ngakhale imodzi.

Musandifunse ngati ndinasangalala m'banja. Ndinasangalala, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imawawa. M'nyengo yozizira tinkakhala m'kanyumba ka lendi ku Khenifra, m'chilimwe tinkakwera kunyanja. Iye ankamangira alendo matenti, ine ndinkaphika buledi ndi tiyi, tonse n'kumalimbana ndi anyani amene amaba chilichonse chimene wataya nacho maso. Ankanditchabe wam'tauni, ine ndinkamutchabe mbuzi, ndipo alendo ena ankaganiza kuti tikukangana.

Mwana wathu atabadwa tinamutcha Hadda, dzina la malemu mayi a Mimoun. Amayi anabwera, anamuvula matewera, n'kuyamba kumuyang'ana zala, maso, makutu, msana, ngati munthu wogula nkhosa pamsika. Atapeza kuti ali bwinobwino analira mokweza mpaka anamwino anabwera. Tsiku lomwelo anabwerera ku Meknes. M'nyumba mwanga sanagonemo, ndipo kunyanja sanapondekonso phazi, ngakhale bambo atamwalira n'kuwasiya okha m'nyumba yotentha ija.

3

Hadda ali ndi zaka zinayi, dzina la amayi linatuluka pa maere a anthu opita ku Makka. Mukudziwa mmene zimakhalira. Munthu asananyamuke ulendo umenewo amayendera abale ndi anansi onse kupempha chikhululuko, kuti akaime pamaso pa Mulungu alibe mangawa ndi wina aliyense. Amayi anayenda Meknes yense. Anapepesa ngakhale mayi wina amene anakangana naye za chingwe choyanikira zovala ine ndisanabadwe.

Kenako foni yanga inalira.

"Touria, uuze mwamuna wako andimangire tenti pamalo pathu pakale paja. Ndikubwera."

Ndinavina ndi ufa m'manja. Mimoun ndiye anachita kunyanya. Anasamutsa banja lina la ku Casablanca limene linali pamalopo, atawanamiza kuti pamenepo pamadutsa nguluwe. Anagula matiresi atsopano, anasesa mpaka pansi panawala, anayala kapeti yofiira imene agogo ake analuka.

"Apongozi anga akhululuka," ankatero akumanga zingwe. "Waona? Mbuzi nayonso imalowa m'nyumba ya mabwana ikadekha."

"Usambe kaye," ndinamuuza. "Angabwerere pamsewu."

Amayi anafika masana, atavala zoyera, ataonda kwambiri. Mimoun anawerama kuti awapsompsone dzanja, koma iwo anamugwira mutu ndi manja awiri n'kumuyang'ana ngati sanamuonepo. Ndinaganiza kuti ndi manyazi a munthu wodzapepesa, ndipo mumtima ndinali nditawakhululukira kale.

Tinadya nyama ya nkhosa yophikira zipatso zouma. Nyani wina anatsika mumtengo n'kulanda buledi m'manja mwa Hadda, mwanayo n'kumuthamangitsa akumutukwana m'chinenero cha kuphiri cha bambo ake, ndipo tonse tinaseka, ngakhale amayi. Tsiku limenelo ndinati moyo wanga wakwanira. Ndinali ndi mwamuna wanga, mwana wanga ndi mayi anga pa kapeti imodzi.

M'mawa mwake Mimoun anatenga Hadda kukakwera bwato. Amayi anadikira mpaka atafika pakati pa madzi.

"Siya matambulawo," anandiuza. "Tiye tiyende."

4

Tinakwera kuseri kwa matenti, kudutsa pamene abusa amamwetsera nkhosa, mpaka pa thanthwe lalikulu lotsamira mkungudza wakale. Amayi anakhala pansi osayala kanthu, iwo amene moyo wawo wonse ankaopa fumbi.

"Mwamuna wako sanakulire mkaka wa mbuzi," anayamba choncho.

Ndinaseka. "Amayi, mwandikwezera phiri lonseli kuti mundiuze zimenezo?"

"Khala chete ndimalize, chifukwa ndikaima sindiyambanso. Chaka chimene unabadwa tinamanga tenti pamalo omwe aja. Unali ndi miyezi yochepa. M'mawa wina tinamva maliro ku matenti akuda a abusa. Mtsikana wina, Hadda, anali atamwalira ndi matenda a uchembere, n'kusiya kamwana kakamuna. Agogo ake anayesa kukamwetsa mkaka wa mbuzi, koma kankasanza wonse. Kanalira, kanalira, kenako kanasiya kulira, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Gogoyo anayenda tenti ndi tenti kufunafuna mayi woyamwitsa. Panyanja ponse ndinalipo ine ndekha."

Kuseka kunandithera. Kwathu ngakhale mwana wamng'ono amadziwa kuti amene mwayamwa naye bere limodzi ndi mlongo wako, chimodzimodzi wobadwa naye mimba imodzi, ndipo simungakwatirane mpaka kalekale.

"Munakana," ndinatero. "Nenani kuti munakana."

"Bambo ako ndi amene anakana. Nthawi imeneyo sanali bambo ofatsa amene iwe unawadziwa. Anali achinyamata, amagazi otentha, onyada. Anati mkaka wa mkazi wawo sungapite kwa mwana wa abusa, kuti mawa adzabwere kusitolo n'kumawatcha bambo. Ine ndinalakwitsa, ndinawachonderera pamaso pa anzawo amene ankasewera nawo makadi. Zinawachititsa manyazi, ndiye analumbira. Anati ndikangomuika mwana ameneyo kubere, ndine wosudzulidwa. Anatchula katatu, amuna anzawo akumva."

"Ndiye munamvera."

"Masana omwewo atapita kukawedza, gogo uja anabwera ndi kamwanako pano. Pathanthwe lino. Iwe bere ili, iye bere ili. Tsiku lililonse, mpaka tinapasula tenti. Pochoka ife n'kuti mimba yake itayamba kusunga mkaka wa mbuzi, ndiye gogoyo anauza anthu kuti mbuzi ndiyo yamupulumutsa. Anandilumbirira kuti afa nacho, ndipo anafa nachodi."

Pansi apo ndinkaona bwato lija, kakang'ono, Hadda akugwedeza mpango wake wachikasu. Mutu wanga unaima.

"Bambo anakufunsani," ndinatero. "Ndinali kuseri kwa chitseko. Anati nena chifukwa. Bwanji simunanene?"

"Ndikananena, ndiye kuti ndaulula kuti ukwati wanga unathera pathanthwe lino iwe uli khanda. Ndiye kuti zaka zonsezo ndinkagona m'nyumba ya mwamuna amene sanalinso wanga. Nanga azing'ono ako awiri akanakhala ana a ndani pamaso pa anthu? Bambo ako anali ataiwala kalekale kuti analumbirapo. Ine sindinaiwale ngakhale tsiku limodzi."

"Ndiye munasankha. Munaika ukwati wanu uku, wanga uku, n'kusankha wanu."

"Ndinasankha. Sindikukana."

"Nanga bambo atamwalira?"

"Mwana anali atabadwa kale. Ndinati ndife nacho ngati gogo uja. Koma mwana wanga, ndikaima bwanji pa Nyumba ya Mulungu nditasenza zimenezi? Anthu ambiri amsinkhu wanga amafera komweko."

Ndinaimirira. Sindinalankhulepo ndi mayi anga mmene ndinalankhulira tsiku limenelo.

"Mukufuna kulowa kumwamba mutaponda pamutu panga? Munakhala chete pamene kulankhula kukanandipulumutsa, lero mukulankhula pamene kukundipha. Palibe wina akudziwa. Gogo uja anafa, bambo anafa. Tsekani pakamwa mupite ku Makka kwanuko. Mukangomuuza Mimoun, maliro anu sindidzabwera."

Anaweramitsa mutu. "Nayenso ndi mwana wanga," anatero motsitsa. "Ayenera kumva. Ukapanda kumuuza iwe, ndimuuza ine ndisanatsike phiri lino."

Ndinawasiya pomwepo, mayi okalamba, kuti atsike okha.

5

Tsiku lonse ndinagwira ntchito ngati wamisala. Ndinapsereza buledi, ndinathira mchere mu tiyi wa mlendo wina, ndinakalipira Hadda popanda chifukwa. Mumtima ndinkawerengera njira. Ndinkati ndiuze Mimoun kuti amayi asokonezeka mutu ndi ukalamba, kapena ndiwakweze takisi mwakachetechete iye asanabwere kuchokera kokatola nkhuni. Koma ndikamuona akudutsa, akuimba mluzu, ndinkayamba kufufuza nkhope yake ngati ndipezamo ya azing'ono anga, ngakhale ndinkadziwa kuti mkaka susintha mphuno ya munthu.

Anandipeza kumadzi ndikutsuka poto. Anandigwira m'chiuno monga ankachitira nthawi zonse, ndipo ine ndinadumpha ngati wandiotcha.

"Iii, wam'tauni, lero ndanunkha kwambiri?" anaseka. Ataona nkhope yanga anasiya. "Make Hadda, chavuta n'chiyani? Amayi akunena kuti undisiye?"

Sindinafune kuti amve kwa wina. Ndinamuuza zonse, maso anga ali mupoto. Poyamba anaseka, anati amayi anayesa banki, anayesa matenda, tsopano ayesa mkaka. Ndinagwirira mawu amenewo ndi manja awiri.

"Eya, ndi bodza," ndinatero. "Sanakufunepo. Mboni palibe. Tiye tiwaperekeze kwawo tiiwale."

Anayang'ana madzi. "Munthu wovala zoyera, wopita ku Makka, anganame bodza lodzinyozetsa yekha chonchi?" anafunsa. "Ndipo nsapato zija, Touria. Ana amasiye panyanja pano tinalipo ambiri. Bwanji ankagulira ine ndekha?"

Anakwera kumatenti, ine ndili pambuyo. Amayi anali atakhala pa kapeti yofiira ija, mikanda yopempherera ili m'manja. Mimoun anagwada patsogolo pawo.

"Amayi, ndi zoona?"

"Ndi zoona, mwana wanga."

"Mwina kanali kamodzi kokha? Mwina ndinangonyambita?"

"Unkayamwa mpaka kugona. Unkamukankha mnzakoyu ndi mwendo."

Ndinkayembekezera kuti akalipa, aphwanya kanthu, awathamangitsa. Ndinkafuna atatero, kuti tikhale awiri okwiya. Koma iye anafunsa kuti, "Mukanapanda kutero ndikanafa?" Amayi anagwedeza mutu movomera. Mimoun anawapsompsona pamutu monga mwana amachitira kwa mayi ake, misozi ikugwera pa mpango wawo woyera, ndipo anati wawakhululukira. Pamenepo ndinadziwa kuti ndatsala ndekha.

Anadzuka n'kupita kugalimoto. Anabwera atasenza tenti ina, yaing'ono, imene tinkabwereketsa anyamata oyenda okha. Anayamba kuimanga pafupi ndi yathu. Munthu amene ankamanga tenti akucheza, osayang'ana n'komwe, tsiku limenelo anadzimenya chala ndi nyundo, zingwe zinamukola miyendo, nsalu inamugwera kumutu. Palibe anaseka. Atamaliza analowa m'tenti mwathu n'kutulutsa bulangete lake, pilo wake ndi jekete lake.

Hadda anabwera akuthamanga. "Ababa, kwabwera alendo? Agonamo ndani umu?"

"Ine, mwana wanga," anatero. "Amayi ako akuti ndimaliza mkonono."

Mwanayo anaseka n'kulowamo kukagubuduka. Alendo a m'matenti oyandikana anayamba kusuzumira, ndipo mphekesera zija munamva zinayambira pamenepo.

6

Amayi anatsika phiri m'mawa mwake. Mimoun ndiye anawaperekeza. Ine sindinatuluke m'tenti, ndipo tsiku limene ananyamuka ulendo wa ku Makka sindinapite kukawatsanzika.

Tinapita kwa shehe wina wachikulire ku Khenifra, munthu wosakonda kufalitsa nkhani. Ndinavala bwino, ndinakonzekera mfundo zanga ngati loya. Anatimvetsera mpaka kumapeto, akusisita ndevu.

"Mawu a mayi mmodzi, onenedwa ukwati utachitika kale, sangakulekanitseni mokakamiza," anatero. "Ndipo mwana wanu ndi mwana wa m'banja, munthu asakunamizeni, chifukwa inu simunkadziwa."

Mtima wanga unadumpha. Ndinatembenukira kwa Mimoun.

"Koma ana anga, mwamva," anapitiriza shehe uja. "Funso ndi lakuti, kodi mukuwakhulupirira mayiwo? Ngati mukuti akunama, bwererani kunyumba kwanu mumtendere. Ngati mukuti akunena zoona, simukusowa ine kuti ndikuuzeni chochita."

Panjira ndinamufunsa Mimoun kuti anene kuti amayi akunama. Ndinati angonena ndi pakamwa, mtima udzatsatira. Iye anandifunsa kuti, "Nanga iwe ukuti akunama?" Nanenso mumtima ndinkadziwa kuti sakunama.

Komabe ndinakakamira. Nyengo yozizira yonse tinakhala m'nyumba imodzi, iye pabalaza, ine kuchipinda. Ndinkamuphikira zimene amakonda, ndinkadzola mafuta onunkhira amene anandigulira pa ukwati wathu. Ankathokoza mwaulemu ngati mlendo. Manja athu akakumana m'mbale, ankabweza lake msanga. Anasiya kunditcha wam'tauni. Anaonda mpaka malamba anafunika kuboola mabowo ena, ndipo anzake a pa siteji ya matakisi anayamba kufunsa ngati akudwala. Sanandipemphe kuti tisiyane ngakhale kamodzi, chifukwa sankafuna kundipweteka. Ndinkaona munthu akutha pamaso panga chifukwa chondimvera chisoni.

Tsiku lina m'mawa, chipale chofewa chitagwa kuphiri, ndinamupeza atagona pampando atavala nsapato, atadzipinda ngati mwana. Ndinamufunditsa bulangete. Atadzuka ndinamuuza kuti, "Tiye kukhoti." Analira kuposa ine.

Kwa oweruza tinangoti sitikugwirizana. Za mkaka sitinatchule, pofuna kuteteza azing'ono anga. Iwowo anadzamva okha kwa amayi patapita nthawi, ndipo ndi chilolezo chawo ndikulemba izi.

Amayi anabwerako ku Makka ali moyo. Ndinatha chaka osawalankhula. Koma mako ndi mako. Atagwa m'bafa n'kuthyoka chiuno, ndine ndinapita kukawasambitsa. Ndinkawapukuta msana n'kuwaveka. Sindinganame kuti ndinawakhululukira zonse. Masiku ena ndimawaona ngati mayi amene anandiphera banja, masiku ena ngati mtsikana wamantha amene anabisala kuseri kwa thanthwe kuti khanda la eni lisafe, ndipo akanapanda kutero Mimoun sindikanamudziwa n'komwe.

7

Chowawa kwambiri sichinali kukhoti. Mwamuna wina akakusudzula amapita, sumuonanso, bala limapola. Wanga sanapite. Lamulo lomwelo limene linandilanda mwamuna linandipatsa mchimwene. Amaloledwa kulowa m'nyumba mwanga nthawi iliyonse, sindifunda mpango pamaso pake, amakhala pa tebulo langa Lachisanu lililonse akuseweretsa Hadda. Mpopi wa madzi ukawonongeka amabwera ndi sipanala. Anansi amanong'ona, koma palibe cholakwa, poti ndi mlongo wanga.

Chilimwe chathachi anandipeza kunyanja ndikukanda ufa. Ndimaphikabe buledi kumeneko, nanga ndidya chiyani? Anaima nthawi yaitali akupotokola chipewa m'manja.

"Achemwali," anatero. Ndi mmene amanditchulira masiku ano. "Pali nkhani."

Ndinadziwiratu. Zinali zitandifika kale kuti pali namwino wina wa ku Mrirt, wamasiye, dzina lake Mbarka, amene amakwera takisi yake pafupipafupi.

"Mukwatire," ndinatero, manja ali mu ufa. "Simukusowa chilolezo changa."

"Si chilolezo. Kwawo akuti sangalandire mwamuna wobwera yekha ngati wakuba. Akufuna abwere kaye mkazi wa kwathu, mayi kapena mlongo, adzaone mkaziyo n'kulankhula ndi mayi ake. Amayi sangathe kuyenda." Anasiya kupotokola chipewa. "Ine mlongo wina ndilibe."

Ndinamuyang'ana. Ndinkafuna kumuponyera mtanda wonse kumaso. Koma ndinaona imvi zimene zinamera m'zaka zochepazi, ndi kolala ya malaya yong'ambika imene panalibe womusokera.

Ndinapita. Ndinavala mkanjo wanga wabwino, ndinanyamula shuga woumba ndi maluwa monga amachitira alongo onse, ndinakhala pabalaza la anthu osawadziwa. Mbarka anabweretsa tiyi. Ndi mkazi wabwino, ndipo zimenezo zinandipwetekanso. Mayi ake anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu ndinu mlongo wake, mukumudziwa bwino," anatero. "Tiuzeni zoona. Mchimwene wanuyu adzamusunga bwino mwana wanga? Tinamva kuti mkazi woyamba anamusiya."

"Adzamusunga," ndinayankha. "Samenya, satukwana, sagona kunja. Akadwala mkazi wake amaphika yekha. Mkazi woyambayo sanapezepo chifukwa."

Anavomera. Akazi a m'nyumbamo anayamba kululutira, ndipo onse anatembenukira kwa ine, chifukwa mlongo wa mkwati ndiye amayenera kukweza mawu kuposa onse. Ndinaika dzanja pakamwa ndipo ndinalulutira.

Inu amene mukuwerenga, makamaka atsikana amene muli ndi wina mumtima, musachite ngati ine. Mayi anu akamakana mwamuna koma chifukwa osachitchula, musathamangire kunena kuti ndi kunyada. Atsekereni m'chipinda muli awiri, kutali ndi bambo anu, muwafunse chimene akuopa, ndipo musatuluke asananene. Ine ndinkafunsa mokalipa, pakhomo pali anthu, ndipo ndinkafuna kupambana osati kumva. Nanu azimayi amene mwasunga kanthu mumtima, dziwani kuti tsiku limene mudzatule katunduyo kuti inu mupepukidwe, adzagwera mwana wanu. Ngati n'koyenera kunena, nenani nthawi ikadalipo. Ndipo abambo, samalani ndi malumbiro a pamaso pa anzanu. Bambo anga anaiwala lawo tsiku lomwelo, anapita kumanda osadziwa chimene linachita.

Ukwati wa Mimoun ndi mwezi wamawa. Hadda wasankha kale diresi, ndipo akundifunsa ngati ndidzavine. Ndamuuza kuti ndidzavina, chifukwa mkwati alibe mlongo wina.